Mkaka umayambira pa bere

Kwathu ku Phalombe, kuchokera ku Migowi mpaka ku Chiringa, ndimamva alimi akudandaula za mtengo wa mkaka. Koma ine ndimati ndalama zambiri zimathera m'khola momwemo, pamene ng'ombe ikungodya osatenga bere.

Ng'ombe yosamalidwa bwino iyenera kubereka chaka ndi chaka. Bere limatenga masiku pafupifupi 280, choncho ikabereka, itengenso lina pasanathe miyezi itatu.

Ikakhala yopanda bere imafuna nkhunzi pakatha masiku pafupifupi 21 alionse, ndipo nyengoyi sichedwa, kawirikawiri sikwana n'komwe tsiku lathunthu. Imaliralira, imachepetsa kudya ndi mkaka, imatulutsa chikazi choyera chonanda, ndiponso imaima chilili inzake ikamaikwera. Vuto ndi loti ambiri timasunga ng'ombe imodzi yokha, ndiye palibe yoikwera. Muziiyendera m'mawa ndi madzulo. Mukaona zizindikiro m'mawa, itanani mlangizi wa ziweto adzaike umuna madzulo ake. Mukaziona madzulo, abwere m'mawa. Umuna wa nkhunzi za Friesian kapena Jersey, monga womwe umakonzedwa ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, umatukula mtundu popanda kudyetsa nkhunzi pakhomo.

Komabe ng'ombe yowonda sitenga bere msanga. Nsenjere zikauma m'chilimwe, ipatseni madeya, masangwi a mtedza, makoko a nandolo, mchere ndi madzi okwanira. Isambitseni mankhwala ophera nkhupakupa, pakuti matenda a chigodola omwe nkhupakupazo zimafalitsa amatha kutayitsa bere.

Gulani kope, alimi anzanga, muzilembamo tsiku lomwe yafuna nkhunzi, lomwe yaikidwa umuna ndi lomwe yabereka.