Ngozi itagwa ana ali kusukulu, makolo mudzamva kwa ndani?

Dzinja layandikira, ndipo tikufuna tigwirizane za mmene uthenga udzayendere pakati pa sukulu ndi makolo ngozi itagwa ana ali m'kalasi.

Ambiri anena kuti gulu lathu la WhatsApp lilipo kale. Lilipodi, koma tikumbukire namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Matope anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, milatho inaduka, magetsi anazima m'madera ambiri, ndipo boma linatseka sukulu m'maboma okhudzidwa a kumwera. Magetsi akasowa masiku angapo foni zimatha moto. Nsanja za netiweki nazo zimayamba kudalira majenereta, ndipo mafuta ake safika msewu ukaduka. Kwa amene foni ikuyakabe vuto limakhala lina: aliyense amatumiza zimene wamva, uthenga weniweni n'kumira m'mphekesera.

N'chifukwa chake mawu a sukulu adzachokera kwa munthu mmodzi, mphunzitsi wamkulu, ndipo iwo akachokapo, wachiwiri wawo. Uthengawo udzakhala waufupi: chachitika n'chiyani, ana ali pati, makolo achite chiyani, ndipo tidzalankhulanso nthawi yanji. Tidzayamba ndi SMS, poti imafika ngakhale pa foni ya mabatani ndipo sifuna bando. Manambala a makolo tidzawasunganso papepala, mu ofesi ndi kwa mphunzitsi wa kalasi iliyonse.

Foni zikakanika, tidzadalira mzikiti. Chimkuzamawu chimene chimatiitanira ku swala chimamveka kutali, anthu amawadziwa mawu a mwazini wawo, ndipo kasanu patsiku pamzikiti pamasonkhana anthu ochokera mbali zonse za dera lathu. Tikupempha a komiti zinthu ziwiri. Choyamba, batire ya chimkuzamawu izikhala ndi moto nthawi zonse. Chachiwiri, wolengeza aziwerenga zimene zalembedwa papepala la sukulu, osawonjezerapo. Tikudziwa kuti akuluakulu athu ena akagwira maikolofoni savutika kupeza mawu, koma pa tsiku lotero "mtsinje wadzaza" ikasanduka "ana akokoloka", mayi akhoza kudziponya m'madzi kufuna mwana amene wakhala phee m'kalasi.

Apa ndiye pagona nkhawa yathu yaikulu. Mvula ikakula sitidzatulutsa ana kuti athamangire kunyumba. Adzakhala nafe mpaka madzi ataphwera, ndipo inu makolo musadzawoloke mtsinje kudzawatenga. Mwana tidzamupereka kwa munthu yekhayo amene dzina lake lili pa fomu.

Ophunzira, lowezani pamtima nambala imodzi ya kholo kapena wokuyang'anirani. Makolo amene munasintha nambala, lembani yatsopano pa fomu imene tapatsa ana, muwonjezerenso ya m'bale kapena mnansi wodalirika. Fomuyo ibwere pasanafike Lachisanu likudzali, ndipo Insha Allah tidzayeserera dongosolo lonseli sabata yotsatira.