Kodi mumadziwa? Masamu a m'dziwe losambiramo

Kodi mumadziwa kuti wosamalira dziwe losambiramo amayamba ndi masamu asanatsegule n'komwe chigubu cha mankhwala? Amachulukitsa m'litali ndi m'lifupi ndi kuya kwake. Dziwe la mamita 10 m'litali, 5 m'lifupi ndi 1.5 kuya limasunga malita 75,000. La mpikisano wa Olympics, la mamita 50 ndi 25, likakhala lakuya mamita 2 limasunga malita 2,500,000.

Kodi mumadziwa kuti galamu imodzi yokha ya kulorini m'malita 1,000 ndi imene akatswiri amaitcha 1 ppm? Madzi osambiramo amafuna pakati pa 1 ndi 3 ppm. Koma ufa wa HTH, womwe uja alangizi a zaumoyo amasungunula kukagwa kolera, si kulorini yekhayekha ayi: m'magalamu 100 muli kulorini wokwana pafupifupi 65. Choncho kuti dziwe la malita 75,000 likwere ndi 1 ppm, safuna magalamu 75 koma pafupifupi 115.

Kodi mumadziwa kuti kulorini akhoza kukhalamo wokwanira koma n'kumagona tulo? Chimamudzutsa ndi pH, muyeso wa asidi umene Søren Sørensen anauyambitsa mu 1909 ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen. Pa 7.5, pafupifupi theka la kulorini ndi limene limakhala laukali popha tizilombo. Ikafika 8, waukaliyo amatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake pH amaisunga pakati pa 7.2 ndi 7.8.

Kodi mumadziwa kuti soda wophikira therere ali ndi ntchito padziwe? Amathandiza kuti pH isamangokwera ndi kutsika chisawawa. Ikakwera kwambiri, amaitsitsa ndi asidi.

Kodi mumadziwa kuti dziwe likamanunkha kwambiri "kulorini" ndiye kuti ndi lakuda? Fungolo limabwera kulorini akakumana ndi thukuta ndi mkodzo wa osambira. Zomwezo ndi zimene zimafiiritsa maso.

Kodi mumadziwa kuti dzuwa limadya kulorini? Likaswa mtengo, wambiri amatha m'maola ochepa chabe. Ndiye ambiri amathira madzulo, kapena amawonjezera cyanuric acid kuti amuteteze.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale ku Olympics zinavutapo? Mu 2016 ku Rio de Janeiro, dziwe la odumphira m'madzi linasanduka lobiriwira dziko lonse likuonerera pa kanema. Okonza mpikisano ananena kuti munathiridwa hydrogen peroxide, amene anafooketsa kulorini.

Kodi mumadziwa kuti kulorini ndi asidi sayenera kukumana m'chidebe chimodzi? Akasakanikirana amatulutsa mpweya wapoizoni, mtundu womwewo umene asilikali anaphedwa nawo ku Ypres mu 1915. Ndipo posungunula, asidi ndi amene amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, kuopa kuti angakuthovukireni kumaso.

Kodi mumadziwa kuti madzi oyera mbee akhoza kudwalitsa? Kachilombo kotsegula m'mimba ka Cryptosporidium kamatha kupirira masiku angapo m'madzi a kulorini. Diso silipima madzi. Odziwa ntchito amatunga pang'ono, kuyeza, kuthira mankhwala ochepa, kudikira pampu izungulitse madzi, n'kuyezanso. Amachita ngati mayi pa mphika wa ndiwo: mchere ukachepa amawonjezera, koma ukachuluka sautola.