Kupima Mphamvu ya Njira ya Mkodzo kwa Azimai Odontha Mkodzo Potsokomola

Azimai ambiri, makamaka amene anabereka kangapo ndi amene analeka kusamba, amadontha mkodzo akatsokomola, akayetsemula, akaseka kapena akasenza mtolo wa nkhuni. Ambiri amabisa vutoli mwa kuvala tinsalu, ndipo ena amafika poleka kugona pamaliro kapena kukwera basi ya ulendo wautali cifukwa coopa fungo.

Njira ya mkodzo ya mzimai ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, ndipo imatsekedwa ndi minofu. Mkodzo umasungika m'cikhodzodzo malinga ngati mphamvu yotseka njirayo ikuposa mphamvu yokankha kucokera m'mimba. Munthu akatsokomola, mimba imakankha mwadzidzidzi. Ngati minofu inafooka pobereka kapena cifukwa ca ukalamba, mkodzo umapulumuka.

Mphamvu yotseka imeneyi ingathe kupimidwa. Njira yodziwika bwino inafotokozedwa mu 1969 ndi akatswiri awiri a ku Britain, Brown ndi Wickham. Dokotala amalowetsa kapaipi kopyapyala mpaka m'cikhodzodzo, kenaka makina amakakoka pang'onopang'ono uku akulemba mphamvu imene minofu ikufinya nayo kapaipiko pa malo alionse. Mphamvuyo imawerengedwa m'masentimita a madzi. Akacotserapo mphamvu ya m'cikhodzodzo, nambala yotsala ikakhala yocepera 20, madokotala amaganiza kuti mnofu wotseka weniweniwo ndiwo wafooka, ndipo mitundu ina ya opaleshoni siithandiza kwenikweni mzimai wotere.

Komabe nambala imeneyi payokha siigamula mlandu. Mphamvu yotseka imatsika ndi zaka ngakhale kwa azimai amene alibe vuto, ndipo alipo odontha mkodzo amene nambala yao ili bwino. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2012, wokhudza azimai 630 amene vuto lao linali losasokonezeka ndi matenda ena, anapeza kuti opimidwa ndi makina a cikhodzodzo asanacitidwe opaleshoni sanacire koposa amene dokotala anangowafunsa ndi kuwaona. Makinawa amathandiza kwambiri pamene zizindikiro zasakanizika, kapena pamene opaleshoni yoyamba inalephera.

Motero mzimai sayenera kukhala panyumba poganiza kuti cipatala copanda makina sicingamthandize. Namwino kapena dokotala amayamba wapima mkodzo kuti aone ngati muli tizilombo, kenaka amapempha mzimaiyo kutsokomola cikhodzodzo cili codzaza, n'kuona ngati mkodzo ukutuluka. Amasiyanitsanso vutoli ndi fistula, bala lobwera mwana akakhalitsa panjira pobadwa, limene limadonthetsa mkodzo usana ndi usiku popanda kutsokomola.

Cithandizo coyamba si mpeni ai. Ndi maseŵera olimbitsa minofu ya m'munsi mwa ciuno, amene Arnold Kegel wa ku America anafalitsa mu 1948. Mzimai amafinya minofuyo monga ngati akuletsa mkodzo, n'kumasula, kangapo tsiku lililonse kwa miyezi yosacepera 3, opaleshoni isanaganiziridwe.