Za Tisitima ta Masewera ndi Macheza a pa Ntchito ya Manja



Abale athu okondedwa a ku Mbedza ndi a m'midzi yonse ya m'tsinde mwa phiri la Zomba, mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene ambiri achiyesa chachibwana, ndicho tisitima ndi timagalimoto timene ana athu apanga ndi waya, mapesi ndi zitini. Alipo makolo amene akapeza mwana ali kupinda waya pakhonde amlanda, nataya zonse kudzala, nati umenewu ndi ulesi. Tisanagamule mlandu wotere, tiyambe tamva m'mene anthu a mayiko ena aionera ntchito yomweyi, ndi chimene apindula nayo.

Akuluakulu oseweretsa sitima

Ku England, ku Germany, ku America ndi ku South Africa komwe kuli amuna aimvi, ena aphunzitsi, ena asing'anga a m'chipatala, ena opuma pa ntchito ya njanji, amene madzulo akaweruka amanga dziko laling'ono pathebulo. Ayala tinjanji, naumba mapiri ndi zigwa, nadzala timitengo, namanga masiteshoni ndi milatho. Ndipo potsiriza ayendetsapo tisitima ndi mphamvu ya magetsi. Luso limeneli si la dzulo. M'chaka cha 1891 kampani ya Märklin ya ku Germany idaonetsa pa msika waukulu wa ku Leipzig tisitima toyenda pa tinjanji ta miyeso yokhazikika, kotero kuti munthu akagula chidutswa chaka chino, china chaka chamawa, zonse zilumikizana bwino. Ku London anthu okonda ntchitoyi adapanga bungwe lawo, The Model Railway Club, mu 1910, ndipo lilipo kufikira lero. Ku Liverpool Frank Hornby adayamba kugulitsa mu 1920 tisitima toyenda munthu akatipotokola ndi kiyi monga wotchi zakale. Mu mzinda wa Hamburg muli nyumba yotchedwa Miniatur Wunderland, yotsegulidwa mu 2001, m'mene tinjanji take tikalumikizidwa pamodzi tipitirira makilomita 15.

Amisiri amenewa sapanga mwachisawawa. Muyeso umene ambiri a iwo atsata autcha HO, ndipo lamulo lake ndi ili: chinthu chilichonse chichepetsedwe ka 87. Munthu wamtali bwino asanduka kachidole ka masentimita 2. Nyumba, mtengo, ng'ombe, zonse zichepa mofanana. Chimodzi chikaposa muyeso wake diso liona msanga kuti pali bodza.

Tsono chimene chatigwira mtima koposa ndi macheza awo. Anthu amenewa akasonkhana, manja ali pa ntchito, pakamwa sipatsekeka. Wina adandaula kuti injini yake igwa pokhota. Mnzake aweramira, nayesa njanjiyo, napeza kuti yapanikizika pang'ono. Wina afunsa utoto woyenera kuti ngolo ioneke yakale. Pakati pa zimenezi pangolowa zina: kuti mayi a kunyumba sali kupeza bwino, kuti mwana wamkulu wapeza ntchito kutali, kuti mvula yaononga denga, kuti uje sadaoneke masabata awiri, nkoyenera kukamzonda. Mwamuna amene ukamkhazika pampando ndi kumfunsa za mumtima mwake angoti “tili bwino,” pamenepo ayankhula yekha, pakuti maso a anzake sali pa iye, ali pa kanjanji. Thebulo lina litha zaka zambiri lisanathe, ndipo eni ake sadandaula, chifukwa likatha macheza achepa.

Njanji idalambalala Zomba

Mwina mudzati, “Nanga ife za sitima zitikhudza bwanji, pakuti kuno kulibe njanji?” Nzoonadi. Zomba idali likulu la boma kuyambira masiku a Harry Johnston kufikira 1975, koma tauni imeneyi siidalandire njanji. Kale katundu wa dziko lino adali kukwera ndi sitima za pamadzi mu Zambezi ndi mu Shire, kenaka pa mitu ya amtengatenga kukwera mapiri. Njanji yoyamba, Shire Highlands Railway, idafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero titi Nsanje. Mu 1915 idatalikitsidwa kufika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1922 njanji ina yochokera cha ku Beira idafika tsidya lija la mtsinjewo. Anthu ndi katundu adali kuoloka pa madzi kufikira 1935, pamene udatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wautali makilomita 3.67. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto idafika ku Salima, koma idadzera kuseri kwa phiri lathu, cha ku Lirangwe, Utale ndi Balaka. Munthu wa ku Zomba wofuna sitima adayenera kupita ku Limbe, kumene kudali likulu la njanji ndi nyumba zokonzera mainjini.

Mu 1970 idatsegulidwa njanji ya ku Nacala, yopatuka pa Nkaya, yooloka Shire pa Liwonde, yodzera pa mchenga wa pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta kukafika ku Nayuchi. Imeneyi ndiyo ya pafupi ndi ife, ndipo ndi m'mene mudzera sitima zazitali zonyamula malasha a ku Moatize. Lilongwe idalandira njanji mu 1979, Mchinji mu 1980. Mainjini akale oyendera moto ndi madzi adapuma, ndipo ofuna kuona maonekedwe ake akaone pabwalo la nyumba yosungira zakale ku Chichiri, mu Blantyre.

Tatchula zaka zimenezi chifukwa m'midzi mwathu muli agogo amene adakwera sitima zimenezo, ndi ena amene atate awo adakwera popita kukafuna ntchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, pamene anzawo ambiri adayenda pansi. Mbiri imeneyi ili kutha pamodzi ndi eni ake. Mwana amene ali kumanga sitima ya zitini ndiye ali wokonzeka kuimva, pakuti iye mwini adzafunsa: utsi udali kutulukira pati, madzi adali kumwera kuti, anthu akuda adali kukhala ngolo iti? Agogo akakhala naye pamphasa adzamuuza zambiri zimene sizidalembedwe m'buku la kusukulu.

Amisiri a pansi pa mtengo wa mango

Tibwere tsopano kwa ana athu. Iwo alibe sitolo yogulako tinjanji. Waya atola ku mipanda yakugwa, nauwongola pamwala. Mphira adula ku machubu akale a njinga, namangira pamfundo. Mikombero apanga ndi zivundikiro za mabotolo kapena zitini za polishi. Thupi la lole, mapaketi otayidwa. Chiwongolero, waya wautali kapena bango lofika m'chiuno, kuti woyendetsa ayende choimirira. Aang'ono amene zala zawo sizinalimbe ayamba ndi mapesi ndi minga, kapena aumba ndi dongo la kudambo monga makolo awo adaumbira ng'ombe. Amene adapitako ku Liwonde abwera ndi nzeru yatsopano, nalumikiza zitini za nsomba zisanu kapena khumi ndi timbedza ta waya, nalemba njanji pa dothi ndi kamtengo. Luso limeneli lidamveka ndi kunja komwe: mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene adakhalako m'dziko lino, adalemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna waya, ndipo ana a mayiko akutali aliwerenga.

Imani patali tsiku lina, mumvere m'mene anyamata amenewa achezera. Mudzamva zomwe zija za akuluakulu a ku Ulaya. Wina ati, “Iwe, gudumu lakoli lapendama.” Mnzake ayankha, “Tandigwirira apa ndimange.” Atsutsana za chifukwa chake chiwongolero chikana kukhota, nagulana waya ndi mango. Ndipo pakati pa zimenezi mudzamva kuti uje kwawo adagona ndi njala dzulo. Kuti wina aopa kupita kusukulu chifukwa masamu amkanika. Kuti mnyamata wamkulu wa kutsidya awaphunzitsa kusuta. Kuti atate a wina sadatumize kalata kapena ndalama chipitire ku Joni. Izi ndizo nkhani zimene inu muzifuna, zimene mukafunsa ndi mawu aukali mwana angoyang'ana pansi. Pansi pa mango zituluka zokha. Chomvetsa chisoni nchakuti palibe wamkulu wozimva.

Zimene mwana aphunzira

Choyamba ndi muyeso. Njanji zathu zitalikirana mapazi 3 ndi mainchi 6, ndiwo mamilimita 1,067, pamene zambiri za ku Ulaya zitalikirana mamilimita 1,435. Chifukwa chake wopanga sitima ya ku Ulaya pa muyeso wa HO ayala tinjanji totalikirana mamilimita 16.5, koma wopanga sitima yathu ayenera mamilimita 12. Mpatseni mwana wa Sitandade 6 funso ili: mlatho wa Dona Ana ukachepetsedwa ka 87 udzakhala wautali bwanji? Akagawa bwino adzapeza mamita 42, ndipo akapita kukayesa pabwalo la mpira adzadabwa ukulu wa mlatho weniweniwo. Mwana yemwe uja woopa masamu a pa bolodi achita masamu ndi zala zake osadziwa, pakuti magudumu anayi akapanda kulingana galimoto itsimphina.

Chachiwiri ndi kudekha. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Waya ukaupinda mwaukali kawiri katatu pamalo amodzi uthyoka, ndipo palibe womkalipira mwanayo. Wayayo ndiye mphunzitsi wake. Chachitatu ndi kuthandizana, pakuti mfundo zina sizimangika ndi manja awiri okha. Amisiri ambiri amene lero awotcherera zitsulo ndi kukonza njinga ndi magalimoto pa Songani ndi mu msika wa Zomba, mukawafunsa kumene manja awo adayambira, adzakukumbutsani za waya.

Zoyenera kuchenjera nazo

Sitinena kuti zonse nzabwino. Njala ya waya yalowetsa ana ena m'kuba. Mpanda wa dimba la mnzako, waya woyanikira zovala, chotchingira nkhuku za aphunzitsi, zonsezi zili ndi eni ake, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu silisiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Mwana akabwera ndi waya watsopano wonyezimira, mfunseni kumene wautenga. Ngati ngwa mwini, mperekezeni akabweze ndi kupepesa. Muwauzitse ana kuti waya wa magetsi, ngakhale wagwa pansi ndi mphepo, saukhudza konse, chifukwa upha pomwepo. Amene muli ndi abale ku Liwonde, ku Balaka kapena ku Nayuchi, ana anu akapita kukacheza muwaletse kusewera pa njanji, kuikapo miyala kapena misomali, ndi kuzula zitsulo zake. Sitima yolemedwa ndi katundu siitha kuima msanga ngakhale woyendetsa waona mwana patsogolo. Ndiponso masewera akhale ndi nthawi yake: asalande malo a sukulu, a kumunda, a katekisimu, kapena a Misa ya tsiku la Mulungu.

Taonani tsono kuti zoipa zonsezi zimera pamene wamkulu palibe. Kholo lolanda waya ndi kuutaya silidachotse vuto. Langothamangitsira mwana kuseri kwa nyumba ya eni, kumene adzapitiriza ntchito yake ndi macheza ake kopanda womuwongola.

Pempho lathu kwa mabanja

Yosefe woyera adali mmisiri wa matabwa, ndipo Ambuye athu adakula pambali pake ku Nazarete zaka zambiri asanayambe kulalika. Mabuku oyera satiuza zimene awiriwo adali kukamba, koma aliyense amene adagwirapo ntchito pamodzi ndi atate ake adziwa kuti pamalo otere mwana aphunzira zambiri kuposa ntchitoyo.

Chifukwa chake, inu atate, inu amalume, inu agogo, mwezi uno patulani madzulo amodzi pa sabata. Mukabwera kumunda ndi kusamba, khalani pakhonde ndi mwana wanu. Mfunireni waya wosaba. Mgwirireni pamene ali kumanga, ndipo musafulumire kumlanda kuti mupange ndinu; iye ndiye mmisiri, inu wothandiza. Akalakwitsa muyeso mlekeni aone yekha kutsimphina kwake. Musamfunse mafunso ambiri; dikirani, adzayamba yekha. Akanena chinthu chokupwetekani mtima, musadzuke ndi ndodo nthawi yomweyo, pakuti mukatero mawa adzatseka pakamwa. Sungani mawuwo, mudzawakonze mutapemphera ndi kukambirana ndi amayi ake.

Inu amayi, mudziwa kale zimenezi, chifukwa pa mtondo ndi potokosa chimanga ndi pamene ana anu aakazi akuululirani zakukhosi. Koma mtsikana akafuna kupinda waya pamodzi ndi alongo ake musamkanize. Mulungu pogawa luso sadayang'ane kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Ndipo inu aphunzitsi ndi atsogoleri a miphakati, kumbukirani ana amasiye ndi amene atate awo ali kutali. Mwamuna mmodzi wa mtima wabwino atha kukhala pansi pa mango ndi ana asanu.

Kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo waya nawo uwongoka ndi dzanja lofatsa. Yosefe woyera, mtetezi wa amisiri ndi wa mabanja, atipempherere ife ndi ana athu.