Kusankha Utali wa Mpope wa Mfuti Yosakira Yokhala ndi Sailensa

M'nkhalango za ku Finland ndi Norway, m'mapiri a ku Scotland, ndiponso m'mafamu oŵeta nyama za kutchire ku South Africa, alenje ambiri masiku ano amasaka ndi mfuti zimene kukamwa kwa mpope wake anamangirirako chitsulo chochepetsa phokoso. Chitsulochi chimatchedwa sailensa, ndipo ntchito yake ndi yofanana ndi ya sailensa ya galimoto: chimakola mpweya wotentha umene ukutuluka mwaukali, n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Amene anayamba kuchigulitsa ndi Hiram Percy Maxim wa ku America, yemwe analandira chikalata cha umwini wa luso limeneli m'chaka cha 1909.

Chifukwa chachikulu chimene alenje amachifunira chitsulochi ndicho kuteteza makutu. Phokoso limayesedwa ndi muyeso wotchedwa madesibelo. Kulira kwa mfuti yosakira nyama zazikulu kumapitirira madesibelo 160, pamene phokoso ladzidzidzi lopitirira madesibelo 140 likhoza kuwononga makutu ngakhale litamveka kamodzi kokha, ndipo khutu lowonongeka motero silichira. Sailensa imachotsako madesibelo 20 mpaka 30. Mfutiyo imalirabe ndithu, pakuti chipolopolo chimathamanga koposa liŵiro la mawu, limene ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndipo chimalira ngati chikwapu pong'amba mphepo. Koma makutu a mlenje ndi a agalu ake amapepukidwa.

Tsono vuto limabwera pa utali. Mfuti yosakira yokhala ndi mpope wa mainchesi 24, ndiwo masentimita 61, imatalika pafupifupi masentimita 110 kuchokera kumbuyo kufika kukamwa. Sailensa yomangirira kukamwa imawonjezera masentimita 15 mpaka 20, ndi kulemera kwa magalamu 300 mpaka 600. Kulemera konseku kumakhala kunsonga, kutali ndi manja. Mfuti yotere imakola m'nthambi mlenje akamakwaŵa m'tchire, imavuta kuitulutsa m'galimoto, ndipo imatopetsa mkono munthu akamalunjika ali chiimire. N'chifukwa chake alenje ambiri amadulitsa mpope kapena kugula mfuti ya mpope waufupi. Funso ndi lakuti: adule mpaka pati?

Pofuna kuyankha funsoli, m'pofunika kudziŵa ntchito ya mpope. Wonga ukayaka m'chigoba cha chipolopolo, umasanduka mpweya wochuluka umene umakankha chipolopolocho. Malinga chili m'kati mwa mpope, mpweyawo umapitiriza kuchikankha ndipo liŵiro lake limakwera. Chikangotuluka, kukankhako kwatha. Motero mpope ukafupika, chipolopolo chimatuluka chisanalandire mphamvu yonse ya wongawo. Pa zipolopolo zosakira zodziŵika bwino, inchi iliyonse yodulidwa imachotsa liŵiro la mamita 6 mpaka 9 pa sekondi, ndipo pa zina imachotsa loposa pamenepo.

Anthu ena amaganiza kuti mpope wautali ndiwo umalasa molunjika. Maganizo ameneŵa anachokera ku mfuti zakale, monga za gogodera, zimene munthu ankalunjika poyang'ana timizere ta pamwamba pa mpope. Timizereto tikatalikirana, diso linkalunjika bwino. Pa mfuti yokhala ndi galasi loonera patali, utali suthandiza kulunjika. Kunena zoona, mpope waufupi umakhala wolimba ndipo sunjenjemera kwambiri powomba. Chimene chimatayika podula mpope ndi liŵiro basi, koma liŵirolo ndilo limapha nyama.

Chitsanzo chabwino ndi chipolopolo cha mtundu wa .308 Winchester, chimene chinayamba kugulitsidwa mu 1952. Chigoba chake chimatenga wonga wokwana pafupifupi magalamu 3, ndipo kukamwa kwa mpope wake n'kotakata ndithu poyerekeza ndi wongawo, kotero kuti mphamvu yambiri imakhala itagwira kale ntchito chipolopolo chisanapite patali mu mpope. Chipolopolo cholemera pafupifupi magalamu 10 chimatuluka mu mpope wa mainchesi 24 pa liŵiro la mamita 860 pa sekondi. Mpope ukadulidwa kufika pa mainchesi 18, ndiwo masentimita 46, liŵirolo limatsika ndi mamita 40 kapena 50 okha. Kwa mlenje wowombera gwape pa mtunda wa mamita 100 kapena 200, kusiyanaku n'kochepa, ndipo mfuti yake ikavala sailensa imangotalika pang'ono kuposa mmene inaliri poyamba. Ichi ndicho chifukwa chake alenje ogwiritsa .308 amakonda mipope ya mainchesi 18 mpaka 20.

Zinthu zimasintha pa zipolopolo za wonga wambiri. Mtundu wa .300 Winchester Magnum, wa mu 1963, umaponya chipolopolo chofanana kukula ndi cha .308, koma umatentha wonga wopitirira magalamu 4 ndi theka. Wonga wotere unapangidwira mpope wa mainchesi 24 kapena 26. Munthu akaudula kwambiri, amakhala atagula mfuti yodula, yokankha phewa mwamphamvu, koma liŵiro limene analipirira likuthera m'malaŵi a moto kukamwa kwa mpope. Komanso mpweya umaloŵa mu sailensa uli wotentha ndi waukali koposa, motero phokoso limakula ndipo zitsulo za m'kati mwa sailensayo zimadyeka msanga.

Pali mtundu wina umene umaphunzitsa zambiri, ndiwo .243 Winchester wa mu 1955, umene alenje a gwape ku Britain amaukonda. Lamulo la ku England ndi Wales lotchedwa Deer Act, la mu 1991, limaletsa kuwombera agwape akuluakulu ndi chipolopolo chimene mphamvu yake potuluka mu mpope siikwana majulo 2,305. Chipolopolo cha .243 cholemera magalamu 6.5, chotuluka mu mpope wa mainchesi 24 pa liŵiro la mamita 900 pa sekondi, chimakhala ndi majulo oposa 2,600. Koma liŵirolo likatsika kufika pa mamita 840, mphamvu yake imagwera pansi pa malire a lamulo. Mpope wa mainchesi 18 ukhoza kufikitsa mlenje pamenepo iye osadziŵa. Mfutiyo imaoneka yokongola ndi yopepuka m'manja, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Opanga lamulo limeneli anaganizira nyama. Chipolopolo chosakira chinapangidwa kuti chikaloŵa m'thupi chitambasuke ngati bowa, kuti nyama ife msanga. Kuti chitero chimafunika kufika pa nyamayo chikuthamangabe, kaŵirikaŵiri osachepera mamita 550 pa sekondi, ndipo zipolopolo za mkuwa wokhawokha zimafuna liŵiro loposerapo. Chikafika chitafooka chimangoboola ngati msomali. Nyama imathaŵa ndi bala, n'kukafera kutali patapita maola kapena masiku, ndipo mlenje amabwerera chimanjamanja atazunza cholengedwa pachabe.

Amene safuna kutaya liŵiro ali ndi njira ina. Makampani monga A-TEC wa ku Norway amapanga masailensa ovala mpope ngati chipeŵa chakuya: mbali ina imabwerera m'mbuyo kuphimba mpopewo, ndipo imene imatsogola kukamwa ndi yaifupi. Motero mlenje akhoza kusunga mpope wa mainchesi 20 kapena 22, mfuti yake osatalika mopitirira, ndiponso kulemera kumasendera pafupi ndi manja.

Malamulo a dziko nawonso amaika malire. Ku America, mfuti yogwira paphewa imene mpope wake sukwana mainchesi 16 imayenera kulembetsedwa mwapadera motsata lamulo lotchedwa National Firearms Act, limene linakhazikitsidwa mu 1934. Maiko ena salola n'komwe kusaka ndi sailensa. Kudula mpope ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti wovomerezeka, chifukwa mazinga omangirapo sailensa akapendekeka pang'ono pokha, chipolopolo chimagunda zitsulo za m'kati. Ntchitoyo ikatha, mfuti imayenera kuyesedwanso pa chandamale sailensa ili pomwepo, pakuti kulemera kwake kumasuntha malo amene chipolopolo chimagwera. Mlenje wosamala amayesanso liŵiro lenileni ndi makina oyezera, osadalira manambala olembedwa pa bokosi, amene kaŵirikaŵiri amachokera ku mpope wa mainchesi 24.

Motero mlenje wanzeru amayamba wadziŵa nyama imene akufuna kusaka ndi mtunda umene adzawombere. Kenaka amaona mtundu wa zipolopolo zake ndi liŵiro limene zimafuna kuti ziphe mwachangu ndi kukwaniritsa lamulo. Akatero m'pamene amauza mmisiri malo odula, ndipo amasiyako inchi imodzi kapena ziŵiri zapadera, pokumbukira kuti mpope ukhoza kufupikitsidwanso maŵa, koma umene wadulidwa kale sulumikizika.