Kachewere wa ku Domwe ndi nzeru za Jean-Baptiste Say

Kachewere akachuluka pamsika wa Domwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, mitengo n'kugwa, alimi amadandaula chimodzimodzi kuti ndalama zasowa. Katswiri wa zachuma wa ku France, Jean-Baptiste Say, akadakhala moyo akadawatsutsa. Iye adabadwira ku Lyon mu 1767, ndipo mu 1803 adatulutsa buku lotchedwa Traité d'économie politique. Atakana kulisintha kuti ligwirizane ndi zofuna za Napoleon, wolamulira dziko la France, adachotsedwa paudindo m'boma mu 1804, napita kukatsegula fakitale yopota thonje ku Auchy. Choncho zimene ankaphunzitsa ku Paris mpaka imfa yake mu 1832 zidachokera kwa munthu woti adalipirapo antchito ndi kusakapo msika.

Mfundo yake yaikulu inali yakuti katundu amagulidwa ndi katundu mnzake, ndipo ndalama ndi ngolo chabe yodutsitsira malonda. Mlimi wa ku Domwe akagulitsa matumba a kachewere, metical kapena kwacha sizichedwa m'thumba mwake. Posakhalitsa zasanduka feteleza, malata, mchere kapena njinga yamoto. Nayenso wokazinga tchipisi ku Tete kapena ku Lilongwe amagula kachewereyo chifukwa makasitomala ake apanga kanthu kena n'kugulitsa. Ndiye kuti mnzako akakolola zambiri, msika wako wakula. Mbiri ya dera lino ikuchitira umboni. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni anthu ambiri a ku Angónia adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, minda idagonera, ndipo malonda adafa chifukwa panalibe chosinthana. Mtendere utabwera mu 1992 anthu adabwerera kumakasu, ndipo misika ya m'malire ngati wa Lizulu idadzazanso mbewu za mbali zonse ziwiri.

Wina anganene kuti izi n'zokoma papepala basi. Ngati zokolola zimadzipezera msika, bwanji kachewere amawolera m'mphepete mwa msewu? Katswiri mnzake wa zachuma, Thomas Malthus, adafunsa zofanana Say akadali moyo, ndipo mu 1936 katswiri winanso, John Maynard Keynes, adaonetsa kuti anthu akagwidwa ndi mantha amaumira ndalama, malonda n'kuima. Otsutsawa ali ndi mfundo. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, wogula wa ku Malawi adayamba kulipira makwacha ochuluka kuti apeze metical yomweyo, pamene m'munda simunasinthe kanthu. Apa ndalama idasonyeza kuti nayo ingasokoneze malonda. Komabe Say sadanene kuti chilichonse chomwe walima chidzagulidwa pa mtengo woufuna. Adavomera kuti katundu wamtundu umodzi angathe kusefukira, makamaka pamene katundu wina woti asinthane naye wachepa. Mudzi wonse ukakumba kachewere mwezi umodzi, popanda mosungira mwabwino, msewu uli matope okhaokha, mtengo uyenera kugwa ngakhale ndalama zili mbwee m'tauni.

Apa m'pamene phunziro lina la Say lifika pakhomo. Iye adalemekeza munthu amene amalumikiza malo, antchito ndi mpamba, nasenza yekha chiopsezo cha kuluza. Ku Domwe munthu ameneyo nthawi zambiri ndi venda wobwera ndi lole, yemwe alimi amamutcha wakuba. N'zoona kuti venda akakhala yekha amatchula mtengo umene wafuna, ndipo sikelo zina n'zokayikitsa. Koma kumuthamangitsa n'kutseka njira yomwe kachewere amasandukira malata. Chofunika n'chakuti ogula achuluke mpaka azilimbirana katundu, misewu yopita kutauni ya Ulongwe ndi kumalire a Calomue iziyendeka ndi m'dzinja lomwe, ndiponso alimi agwirizane kusunga mbewu ndi kusakaniza kachewere, nyemba ndi soya. Boma likafuna kuthandiza mlimi wa ku Domwe, liyambire pamenepa.