Pokonza nyumba musaiwale ndiwo za ana

Namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba zambiri ku Chilobwe, Ndirande ndi madera ena a mu Blantyre m'mwezi wa Malichi 2023. Malata ndi simenti ndi zodula, ndipo banja likamasunga ndalama zokonzera nyumba, choyamba kuchepa pakhomo ndi ndiwo. Apa ndi pamene vitamini A amaperewera m'thupi, makamaka mwa ana.

Mwana wotere saona bwino kukayamba mdima, maso ake amauma ndipo amadwaladwala. Mukaona zizindikirozi pitani naye kuchipatala msanga. Ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 azilandira vitamini A kusikelo pa miyezi 6 iliyonse.

Alimi anzanga a ku Makata ndi ku Limbe, kuchepa kwa malo kusakugwetseni ulesi. Thirani dothi losakaniza ndi manyowa m'matumba akale, muboole m'mbali, nkubzalamo bonongwe, nkhwani kapena chisoso. Ngati pali kamalo, pangani mizere ya mbatata yofiira m'kati monga Zondeni, Kaphulira kapena Kadyaubwerere. Mbatatayi ili ndi vitamini A wambiri, ndipo kholowa wake ndi ndiwo kale. Pophika masamba thirani nsinjiro kapena mafuta pang'ono, chifukwa vitaminiyu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta.

Pokhoma malata, ikani ngalande yolandira madzi a padenga kuti azigwera mu mgolo. Mukatero madzi sakumba maziko a nyumba, komanso mwapeza othirira ndiwo zanu.